Henry Masauko Chipembere (1930–1975): Phungu wa ku Malindi

Msewu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Limbe, wodutsa pa Chichiri, umadziwika ndi dzina la Masauko Chipembere. Okwera minibasi amalitchula dzinali tsiku ndi tsiku mosaganizira, koma kwa zaka pafupifupi 30 munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanalitulutse pakamwa. Mwini dzinalo anali phungu wa Nyumba ya Malamulo, mwana wa phungu, ndiponso mwamuna wa mayi amene anadzakhala phungu. Mpando umenewu unalipatsa banjali ulemu waukulu, ndipo unalilipiritsanso mtengo wowawa.

Henry Masauko Blasius Chipembere anabadwa pa 5 Ogasiti 1930 ku Kayoyo, m'boma limene lero ndi Ntchisi. Bambo ake, a Habil Matthew Chipembere, anali mphunzitsi wa mishoni ya Angilikani, ndipo pambuyo pake anadzozedwa unsembe nakhazikika ku Malindi, kum'mawa kwa nyanja m'boma la Fort Johnston, limene tsopano ndi Mangochi. Mayi ake ndiwo anamutcha Masauko, pokumbukira mavuto amene anaona ali ndi pakati pake. Akuluakulu amati dzina limalondola mwini wake, ndipo pa mwana uyu silinaphonye.

Mnyamatayo anali wa mutu wogwira. Atamaliza pa Blantyre Secondary School anapita ku Goromonzi, ku Southern Rhodesia, kenaka ku Fort Hare ku South Africa, koleji imene inasula atsogoleri ambiri a chigawo chino cha Africa, monga Nelson Mandela, Oliver Tambo ndi Orton Chirwa. Kumeneko anaona ndi maso ake mmene ulamuliro wa tsankho umakhalira ukakhwima. Pobwerera kwawo ndi digiri anapeza dziko la Nyasaland litalowetsedwa kale m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 mafumu ndi anthu akukana. Boma la atsamunda linamulemba ntchito yothandiza bwanankubwa wa boma, ndipo anagwira ku Domasi, ku Fort Johnston ndi ku Dedza. Inali ntchito ya malipiro okhazikika, yosiririka kwa Mwafirika aliyense wa nthawi imeneyo. Anaitula pansi asanakhalitsepo.

Mu Malichi 1956, ali ndi zaka 25 zokha, a Chipembere anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba moimira Chigawo cha Kummwera. Chisankho chake sichinali cha anthu onse: makhonsolo a zigawo ndiwo ankasankha. Aphungu achikuda analipo asanu: a Chipembere, a Kanyama Chiume, a Ralph Chinyama, a N. D. Kwenje ndi a Dunstan Chijozi. Asanuwa ankaimira anthu oposa mamiliyoni awiri, pamene Azungu ndi Amwenye, amene anali zikwi zowerengeka, anali ndi mipando isanu ndi umodzi, kuwonjezera pa akuluakulu a boma amene ankakhala m'Nyumbamo chifukwa cha maudindo awo. Pa kuponya voti, asanuwa sakanapambana ngakhale kamodzi.

Apa ndi pamene pagona ukulu wa a Chipembere, ndipo ndi gawo la moyo wawo limene limaiwalika msanga anthu akamathamangira nkhani ya mfuti. Iwo ndi a Chiume anazindikira kuti phungu wopanda mavoti ali nachobe chida china, chimene ndi funso. Aphungu achikuda a m'mbuyomo ankayankhula mopepesa, ngati alendo pakhomo pa eni. Anyamata awiriwa ankaimirira n'kufunsa, m'Chingerezi chosalala chimene atsamunda sakanachinyoza, za malo amene analandidwa, za malipiro osiyana pa ntchito imodzi, za masukulu, ndipo koposa zonse za Chitaganya. Lamulo linkakakamiza boma kusindikiza mawu onse oyankhulidwa m'Nyumbamo m'buku lotchedwa Hansard. Buku louma limeneli, limene kale linkangodya fumbi m'maofesi, linayamba kugulidwa ngati nyuzipepala. Aphunzitsi ndi makalaliki ankalibwerekana ndi kuwerengera anzawo, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anamva mwana wa kwawo akuyankha Mzungu maso ndi maso, Mzunguyo n'kusowa chonena. Boma linkasindikiza ndi ndalama zake mawu olitsutsa.

Kunja kwa Nyumbayo, chipani cha Nyasaland African Congress chinali chofooka ndi chogawanika. A Chipembere analimbikira kuti a Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano, amene ankakhala m'nyumba ya malamulo ya Chitaganya ku Salisbury, atule pansi mipando yawo. Atakana, anachotsedwa m'chipani mu 1957. Komabe iwo ankadziwa kuti anthu akumudzi ndi mafumu sangatsate mnyamata wa zaka zosakwana 30. Pankafunika munthu wa imvi, wophunzira kwambiri, amene anthu angamukweze pamwamba. Motero analembera makalata Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene panthawiyo anali ku Ghana, kuwapempha kuti abwerere kudzatsogolera. Dr. Banda anatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo a Chipembere ndi a Chiume anali atayendayenda kale m'dziko kuwalengeza ngati mpulumutsi. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu Ogasiti chaka chomwecho, Dr. Banda anapatsidwa upulezidenti wa chipani pamodzi ndi mphamvu yosankha okha akuluakulu ogwira nawo ntchito. A Chipembere anakhala msungichuma wamkulu. Mphamvu imene anathandiza kuipereka tsiku limenelo ndi yomwe inadzawatembenukira patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

Zinthu zinathamanga. Mu Januwale 1959 atsogoleri a Congress anakumana mobisa patchire pafupi ndi Limbe, ndipo boma linati msonkhanowo unakonza chiwembu chopha Azungu. Pa 3 Malichi, Bwanankubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pangozi. Anthu oposa 1,300 anatsekeredwa, ndipo oposa 50 anaphedwa. A Chipembere anaikidwa m'ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia limodzi ndi Dr. Banda komanso abale awiri, a Dunduzu ndi a Yatuta Chisiza. Bungwe lofufuza la Devlin silinapeze umboni wa chiwembu chimene boma linanena, ngakhale linawaika a Chipembere m'gulu la atsogoleri amene sankakana chiwawa. Dr. Banda anamasulidwa pa 1 Epulo 1960. A Chipembere anadikira mpaka Seputembala, atasamutsidwira ku Kanjedza.

Ufulu wawo unali wa miyezi yochepa. Lilime limene linagwedeza Zomba linalinso lilime losachedwa kupsa. Mu Disembala 1960, pa msonkhano ku Rumphi, anayankhula mawu oopseza a Michael Blackwood, mtsogoleri wa Azungu okonda Chitaganya, ndipo khoti linawagamula kukakhala kundende zaka zitatu. Palibe chifukwa chobisira kuti mawuwo anapyola malire. Chilango chake chinawachotsa pa bwalo pa nthawi imene zipatso za nkhondo yawo zinkapsa. Chisankho chachikulu cha mu Ogasiti 1961, chimene chipani cha Malawi Congress chinapambana kotheratu, chinawapeza ali m'ndende ya Zomba, mtunda wochepa chabe kuchokera ku Nyumba imene ankayankhulamo. Amene anakhala pa mpando m'malo mwawo anali bambo awo. Wansembe wa ku Malindi, munthu wa guwa ndi buku la mapemphero, analowa m'Nyumba ya Malamulo kusungira mwana wake malo. Ali m'ndende momwemo anamvanso za imfa ya mnzawo wapamtima, a Dunduzu Chisiza, pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu Seputembala 1962. Olemba mbiri ena amati Dr. Banda akanatha kuwatulutsa msanga, koma sanaone chifukwa chofulumirira.

Anatuluka mu Januwale 1963, atakhalamo zaka ziwiri, ndipo anapatsidwa unduna wa maboma ang'onoang'ono, kenaka wa maphunziro. Dziko linalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi iwiri, nduna zinasemphana ndi Nduna Yaikulu. Madandaulo anali ambiri: tiki imene odwala anayamba kulipira m'zipatala za boma, lipoti la Skinner limene linachepetsa zolowa za ogwira ntchito m'boma achikuda, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi ndi boma la South Africa, ndiponso chizolowezi cha Dr. Banda chotchula nduna zawo kuti anyamata awo pamaso pa anthu. Pamene moto unkabuka, a Chipembere anali ku Canada pa msonkhano wa zamaphunziro. Pa 7 Seputembala a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa pa maudindo, ndipo a Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi awo.

A Chipembere sanachotsedwe. Akanatha kukhala chete n'kusunga unduna, nyumba ndi galimoto ya boma. Atangofika anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo zitakanika anatula pansi udindo pa 9 Seputembala n'kukakhala pa mipando ya kumbuyo pamodzi ndi anzawo. Tsiku lomwelo anayankhula m'Nyumbamo. Amene ankayembekeza moto wa ku Rumphi anamva munthu wodekha, wosanyoza mtsogoleri wake, akufotokoza kuti kudzudzula si kuukira, ndiponso kuti nduna imene siloledwa kulangiza ilibe ntchito. Nyumbayo inavomereza kuti ikukhulupirirabe Dr. Banda. Phungu amene anaphunzitsa dziko kufunsa mafunso m'nthawi ya atsamunda anapeza kuti m'Nyumba ya dziko lomasuka funso lasanduka mlandu.

Kumapeto kwa mwezi womwewo, pambuyo pa zipolowe za ku Zomba, boma linawalamula kuti asapyole mamailosi anayi kuchokera kunyumba kwawo ku Malindi. Anzawo anathawira ku Zambia ndi ku Tanzania. Iwo anakana kuchoka, ndipo mu Okutobala analowa m'mapiri a kum'mawa kwa Malindi, kumene anthu akumudzi, Anyanja ndi Ayao, Akhristu ndi Asilamu, ankawabisa ndi kuwapatsira chakudya. Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965 anatsogolera anthu pafupifupi 200 kukalanda boma la Fort Johnston. Anatenga mfuti ndi magalimoto ku polisi, magazi anakhetsedwa, ndipo gululo linauyamba ulendo wa ku Zomba. Pa Liwonde panalibe mlatho masiku amenewo. Anthu ankaoloka Shire pa pantoni. Atafika anapeza pantoniyo ili tsidya lina. Pambuyo pake asilikali a boma anawapeza, ndipo gululo linabalalikira kutchire.

Zimene zinatsatira zinagwera kwambiri anthu amene sanakhalepo m'Nyumba ya Malamulo. Midzi inatenthedwa, anthu ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo kwa zaka zambiri boma lonse la Mangochi linkayang'anidwa ndi diso lokayikira. Anthu a m'mudzi wa Moto anadzatengedwa pafupifupi onse kupita kundende. A Medson Silombela, amene anapitiriza nkhondoyo, ananyongedwa ku Zomba mu 1966. Aliyense wolemekeza a Chipembere ayenera kuwerengeranso anthu amenewa, pakuti chisankho cha usiku uja chinali cha mtsogoleri, koma ngongole yake inalipidwa ndi alimi ndi asodzi.

Mwini wake anali ndi mdani wina m'thupi. Matenda a shuga, amene amafuna mankhwala ndi chakudya cha pa nthawi yake, sagwirizana ndi moyo wogona m'mapanga. Mu Epulo 1965, mothandizidwa ndi Bwanankubwa Glyn Jones ndi akazembe a dziko la America, anatulutsidwa m'dziko mwachinsinsi n'kukafika ku California. Anaphunzira pa yunivesite ya UCLA, ndipo mu 1966 anasamukira ku Dar es Salaam, kumene anaphunzitsa pa Kivukoni College nayambitsa chipani cha Panafrican Democratic Party. Amalawi othawa kwawo sanathe kumanga mfundo imodzi. A Yatuta Chisiza analowa m'dziko ndi gulu lawo mu 1967 n'kuphedwa ku Mwanza. Mu 1969 a Chipembere anabwerera ku Los Angeles, kukaphunzitsa pa California State University uku akulemba mbiri ya moyo wawo, imene sanaimalize. Inadzasindikizidwa patapita zaka zambiri ndi mutu wakuti Hero of the Nation, mokonzedwa ndi a Robert Rotberg. Anamwalira pa 24 Seputembala 1975, ali ndi zaka 45, osaionanso nyanja.

Anasiya mkazi wawo, mayi Catherine Chipembere, ndi ana asanu ndi awiri. Wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima: mayiwa anali atapirira kale zaka za ndende ya Gwelo ndi ya Zomba, anazemba m'dziko ndi ana kutsatira amuna awo, ndipo tsopano anatsala okha kulera banja m'dziko la eni. Mmodzi wa anawo, amene anatenga dzina la bambo ake, anadzakhala woimba wodziwika. Amalawi atasankha ndale za zipani zambiri pa 14 Juni 1993, njira yobwerera kwawo inatseguka. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 anthu a ku Mangochi anasankha mayi Chipembere kukhala phungu wawo, ndipo pambuyo pake anakhala wachiwiri kwa nduna. Analumbira kulowa m'Nyumba imene apongozi awo analowamo mu 1961, patapita zaka 30 chiyankhulireni amuna awo kuchokera pa mipando ya kumbuyo.