George Clowes, Wofufuza za Khansa wa ku Indianapolis

Kumpoto kwa mzinda wa Indianapolis, osati kutali kwenikweni ndi Speedway, kuli holo yaikulu ya zisudzo ndi nyimbo ya Butler University yotchedwa Clowes Memorial Hall. Holoyi inatsegulidwa mu 1963 pokumbukira George Henry Alexander Clowes, katswiri wa sayansi amene anathera moyo wake pofufuza matenda a khansa.

Clowes anabadwira ku Ipswich, m'dziko la England, mu 1877. Atatsiriza maphunziro apamwamba ku Göttingen, ku Germany, anawoloka nyanja nakayamba ntchito mu mzinda wa Buffalo, ku New York, pa malo ofufuzira za khansa. Masiku amenewo anthu ambiri ankakhulupirira kuti chotupa cha khansa chikamera, thupi silingathe kulimbana nacho. Koma Clowes ndi anzake anaona chodabwitsa pa mbewa zimene ankaweta. Mwa mbewa zina chotupa chinkafota chokha, ndipo akaziikanso chotupa china, sichinkamera. Zimenezi zinasonyeza kuti thupi lili ndi chitetezo chakechake cholimbana ndi khansa. Mu 1905 analemba zimene anapezazo kuti ena awerenge.

Wofufuza sabisa nzeru zake m'thumba. Amazisindikiza m'magazini a sayansi, ndipo ofufuza ena akazigwiritsa ntchito, amatchula dzina lake m'zolemba zawo. Kutchulidwa kotereku ndi umboni wakuti ntchito yake yabala zipatso. Nthawi zina zipatsozo zimachedwa. Ganizo lakuti chitetezo cha m'thupi chingagonjetse khansa linadikira zaka zambiri, koma lero madokotala ali ndi mankhwala othandiza chitetezocho pankhondo imeneyi.

Podziwa kuti mutu umodzi susenza denga, mu 1907 Clowes pamodzi ndi anzake khumi anakhazikitsa bungwe la American Association for Cancer Research, loti ofufuza za khansa azikumaniramo ndi kugawana nzeru.

Mu 1919 anasamukira ku Indianapolis kukagwira ntchito ku kampani yopanga mankhwala ya Eli Lilly, kumene anakhala mkulu wa kafukufuku. M'mwezi wa December 1921 anapita ku msonkhano ku New Haven. Kumeneko anamva Frederick Banting wa ku Toronto akulongosola za madzi ena ochokera mu kapamba, otsitsa shuga m'magazi. Ambiri anakayika, koma Clowes anazindikira msanga kufunika kwake. Nthawi imeneyo mwana akadwala matenda a shuga, makolo ankangodikira maliro. Clowes analimbikira kupempha akatswiri a ku Toronto kuti agwire ntchito limodzi, ndipo mu 1922 anavomera. Antchito a ku Indianapolis anasonkhanitsa akapamba a ng'ombe ndi a nkhumba, napeza njira yosefera mankhwalawo bwino lomwe. Pofika 1923, mankhwala a insulin anali kupangidwa ochuluka, ndipo ana amene anali pafupi kufa anadzukanso. Kufikira lero odwala shuga ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique amadalira insulin.

Ngakhale zinali choncho, mtima wake sunachoke pa khansa. M'nyengo yotentha ankapita ku Woods Hole, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, kukafufuza mazira a tinyama taminga tam'nyanja. Ankayeza mmene maselo a mazirawo amagwiritsira ntchito mpweya pamene akugawikana. Funso lake linali lakuti: kodi selo limapeza bwanji mphamvu zoti lichulukane? Funsoli n'lofunika chifukwa khansa imayamba maselo akamachulukana mosalekeza. M'zaka za m'ma 1920, Otto Warburg wa ku Germany anali atapeza kale kuti maselo a khansa amadya shuga wambiri kuposa maselo abwinobwino. Ofufuza amakono akufunafunabe njira zowamanira maselo oterewa chakudya chawo.

Clowes anamwalira ku Woods Hole mu 1958. Kuyambira mu 1961, bungwe limene anathandiza kukhazikitsa lija limapereka mphoto ya dzina lake kwa ofufuza za khansa amene achita bwino koposa.

Mafunso
1. Kodi Clowes anaphunzira chiyani pa mbewa za ku Buffalo?
2. N'chifukwa chiyani ofufuza amatchula maina a anzawo m'zolemba zawo?
3. Longosolani mmene insulin inasinthira moyo wa ana odwala shuga.