Bwana Dixey, Nyanja ndi Mawanga a Padzuwa

Anthu a m'mphepete mwa nyanja ku Salima adziwa kuti madzi sakhala malo amodzi: zaka zina amiza minda ya mpunga, zina athawa nasiya madooko pamchenga. Mmodzi wa ophunzira oyamba kulemba za chifukwa chake anali Bwana Frank Dixey, wobadwa mu 1892, amene anatsogolera ntchito ya Boma yofufuza miyala m'Nyasaland kuyambira 1921 kufikira 1939.

Iye anafika nyanja itatsika kwambiri, pakuti chiyambire 1915 madzi ake anali ataleka kutsikira mu Shire. Mu 1924 analemba kuti kukwera ndi kutsika kwa nyanja kumatsatana ndi mawanga a padzuwa, amene amachuluka pakapita zaka pafupifupi 11. Nyanja inamtsutsa: inangokwerabe, ndipo mu 1935 inayambanso kuthira mu Shire.

Komatu dzuwalo limasiyadi chizindikiro, kungoti kutali ndi kuno. Cheza chochokera kuthambo chimapanga tinthu totchedwa beryllium-10 mumlengalenga, ndipo mawanga akachuluka timachepa. Timagwa ndi chipale ku Greenland ndi ku Antarctica, n'kukwiririka m'madzi oundana chaka ndi chaka. Akatswiri akaboola madzi oundanawo amalinganiza zaka za maiko awiriwa poona pamene tinthuti tinachuluka. Mu 2015 anatsata kuchuluka kwadzidzidzi kwa chaka cha 775, kumene kuonekanso m'mitengo yakale, nakonza kawerengedwe kawo, kamene kanaphonya ndi zaka pafupifupi 7.

Dixey sanazione zimenezi. Anamwalira mu 1982, patapita zaka ziwiri nyanja itasefukira koposa kale lonse chiyambire kuiyeza.