Dotolo Albert Sabin, mwini wa madontho awiri a poliyo

CHIFUNDE — Amayi ambiri m'distritu muno akukumbukira chaka cha 2022, pamene mabrigada a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo, kuyambira ku Mualadzi mpaka kumalire a Cassacatiza, atanyamula timabokosi toziziritsa. Mwana aliyense wosakwana zaka zisanu ankalandira madontho awiri mkamwa, kenako ankamupaka inki pachala. Amene anapanga madonthowo ndi a Albert Sabin, dotolo amene anamwalira m'chaka cha 1993.

A Sabin anabadwa pa 26 Ogasiti 1906 mumzinda wa Białystok, umene lero uli m'dziko la Poland koma panthawiyo unali m'manja mwa Russia. Makolo awo anali Ayuda osauka, ndipo Ayuda ankazunzidwa kumeneko. M'chaka cha 1921 banjalo linasamukira ku Amereka n'kukakhala ku Paterson, ku New Jersey. Mbale wawo wina, amene anali dotolo wa mano, anavomera kulipira sukulu kuti mnyamatayo aphunzire ntchito yomweyo. Koma mtima wa mnyamatayo unali pa tizirombo toyambitsa matenda. Anasiya zamano, ndipo m'chaka cha 1931 analandira digiri ya udotolo pa New York University.

Chaka chomwecho mliri wa poliyo unagwa mumzinda wa New York. Ana ambiri anapuwala miyendo, ena anamwalira chifukwa cholephera kupuma. Kuyambira pamenepo a Sabin sanasiyane nayo nthendayi. Anagwira ntchito ku London ndi pa Rockefeller Institute, ndipo m'chaka cha 1939 anapita pachipatala cha ana cha ku Cincinnati.

Masiku amenewo akatswiri ambiri ankakhulupirira kuti kachirombo ka poliyo kamalowera m'mphuno. A Sabin ndi anzawo a Robert Ward anapima mitembo ya anthu omwalira ndi poliyo, ndipo m'chaka cha 1941 anaonetsa kuti kachiromboka kamapezeka m'matumbo. Kamalowa pakamwa, kamaswana m'matumbo, n'kutuluka ndi chimbudzi. Nchifukwa chake nthendayi imafala msanga kumene kulibe zimbudzi zabwino ndi madzi aukhondo. Apa a Sabin anaganiza kuti katemera wabwino ayenera kudutsa njira yomweyo imene nthenda imadutsa.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawadula ntchito. Analowa usilikali ngati dotolo, ndipo anafufuza matenda a dengue ndi nthenda ina yotupitsa ubongo ya ku Japan. Nkhondo itatha anabwerera ku poliyo.

Koma wina anawatsogolera. Pa 12 Epulo 1955 kunalengezedwa kuti katemera wa dotolo Jonas Salk, wobaya ndi jakisoni, wopangidwa ndi kachirombo kophedwa, ukugwira ntchito. Awiriwa sankamwerana madzi mpaka imfa. Onse ankathandizidwa ndi bungwe limene pulezidenti Franklin Roosevelt anayambitsa m'chaka cha 1938, lomwe linkasonkhetsa timakobili kwa anthu wamba.

A Sabin sanagwe mphwayi. Njira yawo inali yofooketsa kachirombo kamoyo kuti kaziswana m'matumbo popanda kupuwalitsa. Anamwa okha katemerayo, anapatsanso a m'banja mwawo, ndiponso akaidi odzipereka a kundende ya Chillicothe ku Ohio. Vuto linali lakuti ana ambiri ku Amereka anali atabayidwa kale wa a Salk, choncho panalibe poyesera pagulu. Ngakhale kunali udani pakati pa Amereka ndi Soviet Union, a Sabin anapereka tizirombo tawo kwa katswiri wa kumeneko, a Mikhail Chumakov. M'chaka cha 1959 anthu oposa 10 miliyoni a ku Soviet Union analandira katemerayo, ndipo poliyo inatsika kwambiri. Boma la Amereka linavomereza katemerayu m'zaka za 1961 ndi 1962.

Ubwino wa madontho unali woonekeratu. Safuna jakisoni, safuna namwino wodziwa kubaya, ndipo mtengo wa mlingo umodzi sukwana ngakhale theka la dola. Dziko la Cuba linatemera ana ake ambiri mwa njira imeneyi m'chaka cha 1962. Dziko la Brazil linayamba masiku a katemera a dziko lonse m'chaka cha 1980. A Sabin anali paubale ndi dzikoli, chifukwa mkazi wawo womaliza, mayi Heloisa, anali a ku Brazil.

Pankhani ya ndalama, a Sabin sanatenge chikalata cha umwini pa katemera wawo. Akanafuna, kampani iliyonse yopanga madonthowo ikanamawalipira. M'malo mwake, m'chaka cha 1972 anapereka tizirombo tawo tofooketsedwa ku bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, kuti mayiko onse apeze mosavuta. Anamwalira ndi matenda a mtima ku Washington pa 3 Malichi 1993, ali ndi zaka 86, ndipo anaikidwa kumanda a asilikali a Arlington.

Pamene mayiko anagwirizana zothetsa poliyo m'chaka cha 1988, nthendayi inkapuwalitsa ana pafupifupi 350,000 pachaka m'mayiko 125. Mu Ogasiti 2020 Afirika analengezedwa kuti alibenso kachirombo ka poliyo kakuthengo. Koma mu Febuluwale 2022 kanapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe, ndipo mu Meyi chaka chomwecho kanapezekanso mwa mwana wa m'distritu ya Changara. Kupima kunaonetsa kuti kanachokera ku Pakistan. Ana asanu ndi atatu anapuwala m'provinsiya ya Tete chaka chimenecho. Mozambique, Malawi, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe anatemera ana oposa 50 miliyoni, ndipo mu Meyi 2024 OMS inalengeza kuti mliriwo watha.

Katemera wa a Sabin ali ndi chilema chake. Kumene ana ambiri sanatemeredwe, kachirombo kofooketsedwa kamatha kuyenda kwa mwana ndi mwana kwa nthawi yaitali mpaka kupezanso mphamvu yopuwalitsa. Izi zachitikapo m'mayiko ambiri a mu Afirika, ngakhalenso muno mu Mozambique. Pofuna kutseka mpata umenewu, akatswiri anakonzanso kachirombo ka a Sabin n'kupanga katemera watsopano wotchedwa nOPV2. Mpamba wake wambiri unachokera ku bungwe la a Bill Gates, amene anayamba kuupanga ndi kampani ya boma ya ku Indonesia, Bio Farma, ndipo unayamba kuperekedwa mu Malichi 2021.

Lero katemera ndi malonda aakulu, koma Afirika amagula kunja pafupifupi katemera yense amene amagwiritsa ntchito. Bungwe la African Union likufuna kuti pofika 2040, magawo 60 pa 100 alionse azipangidwa mu Afirika momwemuno. Mu Juni 2024 bungwe la Gavi linakhazikitsa thumba la ndalama zoposa madola 1 biliyoni zolimbikitsa mafakitale amenewa. Oika ndalama akuyembekezera phindu, ndipo mtengo umene adzaike ndi umene udzanene ngati katemerayo adzafike kumidzi yakutali monga anafikira wa a Sabin.

M'distritu ya Chifunde anthu amaoloka malire a Zambia ndi Malawi tsiku ndi tsiku popita kumsika, kumaliro ndi kuchipatala, ndipo kachirombo kamaoloka nawo. Nchifukwa chake makolo ayenera kusunga khadi la mwana, kumupititsa kusikelo, ndi kutsegula khomo pamene mabrigada afika. Mwana wosakwana zaka 15 akafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, nkhaniyo ifike kuchipatala tsiku lomwelo.