Amayi Rúhíyyih Khánum: Anayenda Mpaka Ukalamba

Sabata ino tiwerenga za moyo wa Amatu'l-Bahá Rúhíyyih Khánum, amene anakhala ndi moyo zaka 89 ndipo anafika m'mayiko ndi m'zilumba zoposa 185.

Anabadwira ku New York pa 8 Ogasiti 1910, ndipo dzina lawo loyamba linali Mary Maxwell. Anakulira ku Montreal m'dziko la Canada. Bambo awo, a William Sutherland Maxwell, anali katswiri wojambula mapulani a nyumba, ndipo ndi amene anajambula chinyumba chokongola chimene chinamangidwa pamwamba pa Manda Opatulika a Báb ku Haifa. Mayi awo, a May Maxwell, anali m'gulu la okhulupirira oyambirira a kumayiko a azungu. Mu 1912, Mary ali ndi zaka ziwiri, 'Abdu'l-Bahá anafikira m'nyumba mwawo.

Mu 1937 anakwatiwa ndi Shoghi Effendi, Mtetezi wa Chipembedzo. Kwa zaka 20 anakhala ku Haifa akugwira ntchito yosaonekera kwa anthu: kuyankha makalata ochokera kumbali zonse za dziko ndi kulandira alendo. Mu 1952 anasankhidwa kukhala Dzanja la Chipembedzo.

Mu Novembala 1957 Shoghi Effendi anamwalira mwadzidzidzi ku London. Amayiwa anatsala wamasiye ali ndi zaka 47, opanda mwana, makolo onse awiri atatsogola kale. Tonse tikudziwa mmene anthu amamuonera mayi wotere: amati zake zatha, angokhala pakhomo. Iwo sanatero. Pamodzi ndi Manja ena a Chipembedzo anasunga umodzi wa okhulupirira mpaka 1963, pamene Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse inasankhidwa koyamba. M'zaka zomwezo, mu Januwale 1961, anabwera ku Kampala m'dziko la Uganda kudzatsegulira Nyumba Yopembedzeramo yoyamba mu Africa.

Ulendo wawo waukulu unayamba mu 1969, ali ndi zaka 59. Ananyamuka pa galimoto ya Land Rover ndi mnzawo, Amayi Violette Nakhjavání, ndipo nthawi zambiri chiwongolero ankagwira okha. Pofika 1973 anali atayenda makilomita pafupifupi 58,000 m'mayiko 34 a mu Africa, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayikowo. Ife amene timadziwa mmene misewu ya m'mapiri a Ntchisi ndi Dowa imatererera mvula ikagwa tingathe kuyerekeza chimene ulendo wotere unali m'masiku amenewo, misewu ya phula ili yowerengeka.

Analandiridwa ndi atsogoleri a mayiko, monga Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Koma masiku ambiri anathera m'midzi. Ankakhala pansi pa mtengo ndi mafumu ndi anthu awo, kudya chimene eni mudzi aphika, ndi kugona pamene apatsidwa. Sankaona anthu a kumudzi ngati osadziwa kanthu ofunika kuwaunikira. Ankalemekeza ulemu wawo, kuchereza kwawo alendo ndi chikhulupiriro chawo mwa Mulungu, ndipo ankawalimbikitsa kuti asataye zabwino za makolo awo pofuna kutengera za m'tauni. Ulemu umene ankapereka kwa mtsogoleri wa dziko ndi womwewo umene ankapereka kwa gogo wa m'mudzi.

Atachoka mu Africa sanapumule. Mu 1975, ali ndi zaka 64, anayenda pa bwato m'mitsinje ya Amazon ku South America kukacheza ndi mitundu ya anthu a m'nkhalango. Anapitiriza maulendo ngakhale atadutsa zaka 80. Analembanso mabuku, ndipo lodziwika kwambiri ndi The Priceless Pearl, lofotokoza moyo wa Shoghi Effendi, limene linatuluka mu 1969.

Anamwalira ku Haifa pa 19 Januwale 2000, ndipo anaikidwa m'munda wa maluwa moyang'anana ndi nyumba ya 'Abdu'l-Bahá.

Ambirife sitidzawoloka nyanja. Koma kutsidya kwa dambo kuli mudzi umene sitinapondeko chaka chino, ndipo pakati pathu pali amayi achikulire ndi amasiye amene sitiwaitana kukaphunzitsa ana kapena kukachezera mabanja, poganiza kuti atopa. Mwina sitinawafunse n'komwe.

Mafunso okambirana

1. Ndi chiyani chimene chinasintha pa moyo wa Amayi Rúhíyyih Khánum mu 1957, ndipo anachita chiyani pambuyo pake?
2. Tikafika m'mudzi wa eni, timasonyeza bwanji kuti tabwera kudzaphunziranso kwa iwo?
3. Ndi achikulire ati m'dera lathu amene tingawapemphe kuti tiyende nawo pokachezera mabanja mwezi uno?