MALIK AMBAR, KAPOLO AMENE ANALAMULIRA UFUMU KU INDIA

Malik Ambar anabadwira ku Ethiopia pafupi ndi caka ca 1548. Akali mwana anagwidwa ukapolo, ndipo amalonda anamuolotsa nyanja nafika naye ku Baghdad. Mbuye wace wa kumeneko, pakuona nzeru za mnyamatayo, anamphunzitsa namlowetsa Cisilamu. Pambuyo pace anagulitsidwanso ku India kwa Chengiz Khan, nduna yaikuru ya ufumu wa Ahmadnagar, amenenso anali munthu wa ku Ethiopia wocokera mu ukapolo.

Atamwalira mbuyeyo, Ambar anamasulidwa, nayamba kusonkhanitsa asilikari apakavalo. M'caka ca 1600 ankhondo a Akbar, mfumu yamphamvu ya Amughal, analanda linga la Ahmadnagar. Ambar sanagonje ai. Analonga ufumu mwana wa m'banja lacifumu, koma wolamulira weniweni anali iye mwini. Sanali kukomana ndi adani poyera, koma anali kuwalalira m'mapiri ndi kuwatsekera njira za cakudya. Jahangir, mwana wa Akbar, anamuda kotero kuti anajambulitsa cithunzi ca iye mwini alikulasa mutu wa Ambar ndi mubvi. Koma mutuwo sanaupeze konse.

Nchito yace yoposa inali ya mtendere. Anayesa minda kuti msonkho ulingane ndi zokolola za mlimi. M'caka ca 1610 anamanga mzinda wa Khirki, umene unadzapatsidwa dzina la Aurangabad, naukumbira ngalande zotengera madzi kucokera kumapiri.

Anamwalira ali nkhalamba mu 1626, naikidwa ku Khuldabad.