Mbiri ya Abusa Eric Liddell, Bwenzi la Ana pa Bwalo la Maseŵero

Amayi anzathu a Mvano pamodzi ndi mabanja anu, pa chikondwerero chathu chino tafuna kukufotokozerani mbiri ya munthu wa Mulungu amene adatumikira Ambuye pa bwalo la maseŵero. Ambiri a ife tili ndi ana ndi adzukulu okonda mpira, ndipo ena mwa abambo akunyumba kwathu ndiwo amaphunzitsa timagulu ta mpira kusukulu ndi m'midzi. Kaŵirikaŵiri timadandaula kuti bwalo likutilanda ana. Tsono tamvani za Abusa Eric Liddell.

A Liddell adabadwa pa 16 Januwale 1902 mu mzinda wa Tientsin ku China. Makolo ao adali a ku Scotland, amishoni a London Missionary Society, bungwe lomwe lija lidatuma David Livingstone kuno ku Africa. Ali ndi zaka 6, iwo ndi mkulu wao Robert adasiyidwa ku London pa sukulu yogonera konko ya ana a amishoni, makolo ao nabwerera ku China. Motero adadziŵa akali mwana kuŵaŵa kwa kukula kutali ndi mayi.

M'chaka cha 1920 adaloŵa Yunivesite ya Edinburgh kukaphunzira sayansi. Kumeneko adatchuka ndi liŵiro, ndiponso adaseŵerera dziko la Scotland mpira wa rugby kasanu ndi kaŵiri. Dziko la Britain lidawasankha kukathamanga pa mpikisano wa Olympic ku Paris m'chaka cha 1924. Mtunda umene adali katswiri wake udali wa mamita 100, koma atamva kuti chiyambi cha mpikisano wa mtundawo chidzakhala pa tsiku la Sabata, adakana. Anthu ena adawanyoza kuti akuchititsa manyazi dziko lao. Iwo sadakangane ndi munthu, koma adayamba kukonzekera mtunda wina wa mamita 400. Pa 11 Julayi 1924 adapambana mtundawo pa masekondi 47.6, nalandira mendulo ya golide. Nkhani imeneyi ndiyo idaonetsedwa m'kanema wotchedwa Chariots of Fire m'chaka cha 1981.

Munthu wina akadakhala ku Britain kudyerera mbiri yakeyo. Koma a Liddell adabwerera ku China m'chaka cha 1925, nakaphunzitsa sayansi ndi maseŵero pa Anglo-Chinese College ku Tientsin, ndiponso ankayang'anira Sande Sukulu. Adadzozedwa ubusa m'chaka cha 1932, ndipo mu 1934 adamanga banja ndi Florence Mackenzie, mwana wa amishoni a ku Canada. Pambuyo pake adapita kukalalikira kumidzi ya Siaochang, kumene anthu adali pa mavuto aakulu chifukwa cha nkhondo ya pakati pa China ndi Japan.

Nkhondo itakula m'chaka cha 1941, Abusa adatumiza Mayi Liddell ndi ana ao aakazi aŵiri ku Canada, iwo natsala pa ntchito. Nthaŵiyo mayiwo adali oyembekezera. Mwana wachitatuyo, Maureen, adabadwira ku Canada ndipo bambo wake sadamuonepo. Amayi anzathu, tikamatama Abusa tisaiŵale mayi ameneyu amene adalera ana atatu yekha.

M'chaka cha 1943 asilikali a Japan adatsekera Abusa Liddell mu msasa wa akaidi ku Weihsien, pamodzi ndi anthu ena achilendo oposa 1,500. Malo adali ochepa, chakudya chidali chosakwanira, ndipo m'katimo mudali ana asukulu ambiri amene makolo ao adali kutali. Achinyamata osoŵa chochita adayamba kuloŵerera. Abusa, podziŵa za umasiye wotere, adawatenga anawo ngati ao. Masana ankawaphunzitsa sayansi ndi masamu, kenaka nkuwakonzera mipikisano ya liŵiro, ya mpira ndi ya hockey, maseŵero omenya kampira ndi ndodo zokhota kunsonga. Ndodozo zikathyoka, ankang'amba nsalu zao zomwe nkumangira. Ana onse ankawatchula kuti Uncle Eric, ndiye kuti Amalume Eric. Ndipo m'mamaŵa uliwonse anthu akali mtulo, iwo ankayatsa kanyali ka mafuta a mtedza, kuŵerenga Baibulo ndi kupempherera ntchito ya tsikulo.

Mumsasamo mudachitika chinthu chimene tikupempha kuti muchilingalire bwino. Achinyamata adapempha Abusa kuti aziwaimbira maseŵero pa tsiku la Sabata, ndipo Abusa adakana monga adakanira ku Paris. Anawo adakaseŵera okha popanda woimbira, ndipo mapeto ake idabuka ndeu. Sabata lotsatira, Abusa adapezeka pabwalo akuimbira maseŵerowo. Kodi pamenepa adagonja? Ife tikuona kuti iyai. Ku Paris chimene akadapindula pothamanga pa Sabata chidali ulemu wao okha, ndipo adachitaya. Ku Weihsien chimene chikadatayika chidali mtendere wa ana a eni ake, ndipo adaika anawo patsogolo. Ŵerengani Marko 2:27 ndipo mudzamvetsa mtima umene udawatsogolera.

Abusa ankaphunzitsanso anawo kupempherera asilikali amene adawatsekera, potsata Mateyu 5:44. Mnyamata wina, Stephen Metcalf, adalibe nsapato zabwino m'nyengo yozizira, ndipo Abusa adampatsa nsapato zao zothamangira. Mnyamatayo atakula adapita ku Japan komweko, nakagwira ntchito ya umishoni zaka zambiri. Taonani zipatso za mphunzitsi mmodzi wa maseŵero.

Abusa Liddell adamwalira mumsasamo pa 21 Febuluwale 1945 ndi chotupa cha mu ubongo, ali ndi zaka 43. Akaidi anzao adamasulidwa mu Ogasiti chaka chomwecho. M'chaka cha 1991 padaimikidwa mwala wa chikumbutso chao pamalopo, wochokera ku chilumba cha Mull ku Scotland.

Nanga ife titolepo chiyani? Choyamba, tisaope bwalo. Ana athu adzapitako ndithu, ndipo Akhristu tikalithaŵa, adzawaphunzitsa ndi ena kutukwana, ndeu ndi kukhulupirira zithumwa kuti apambane. Chachiŵiri, amene mumaphunzitsa ana mpira wamiyendo kapena wamanja, dziŵani kuti pemphero la musanayambe maseŵero silikwanira palokha. Ana amayang'ana ngati mumaimbira mwachilungamo, ngati simunamiza zaka za oseŵera, ndi mmene mumalankhulira mukagonja. Chachitatu, za tsiku la Sabata tizikambirana ndi ana athu ndi aphunzitsi ao mwachifatso, kuti mapemphero ndi Sande Sukulu zisasiyidwe, komanso kuti ana asasiyidwe okha opanda wowayang'anira.

Ife amayi tingathe kupita kukaonerera, kuchapa ndi kusoka mayunifomu, kufunsa dzina la mwana amene amabwera pabwalo wopanda chakudya, ndi kupempherera aphunzitsi ao pa misonkhano yathu. Ambuye atithandize kulera ana aŵa mokhulupirika.