Michelangelo ndi mapepala omwe adawotcha

Michelangelo adabadwa mu 1475 ku Caprese, m'dziko la Italy, ndipo adayamwitsidwa ndi mkazi wa mmisiri wosema miyala. Kuyambira 1508 mpaka 1512 adajambula denga la tchalitchi cha Sistine ku Vatican. Asanakwere kudengako, ankayamba wayesera papepala ndi choko chofiira: phewa, msana, chala cha kuphazi, kubwerezabwereza mpaka atakhutira. Pepala lomwe adayeserapo thupi la Adamu likusungidwa ku British Museum, ku London.

Atatsala pang'ono kumwalira mu 1564, ali ndi zaka 88, adawotcha mapepala ambiri. Wolemba mbiri yake, Giorgio Vasari, akuti sankafuna anthu aone momwe adavutikira.

Apa ndiye ife a m'mafamu sitigwirizana naye. Wogula zipatso m'sitolo saona thukuta lathu. Mapepala omwe adapulumuka pamotowo ndi umboni wakuti chokongola chilichonse chidakhetsa munthu thukuta.